Pulasitala asanabise: ntchito zokonza nyumba zomwe zimafuna chilolezo

Mayi wina anandiitana kuti ndikagumule khoma la pakati pa khitchini ndi pabalaza. Ankafuna kuti akamaphika aziwaona ana ake akusewera. Nditafika ndinapeza atachotsa kale makabati, khomalo atalilemba ndi choko kuyambira pansi mpaka pamwamba. Anati, "A mmisiri, iyi ndi ya tsiku limodzi. Lero mugwetse, mawa mupake penti."

Ndinapempha makwerero, n'kutsegula kachitseko ka m'siling'i, n'kusuzumira ndi tochi. Munali fumbi, maukonde a akangaude ndi kutentha kwa malata. Matabwa ochokera kukhoma lakumaso kwa nyumba ankafika pamwamba pa khoma lija n'kuthera pomwepo. Ochokera kuseri nawonso ankathera pomwepo, atakhomedwa misomali ndi anzawo. Chapambali, pa matabwa awiri opingasa, panakhala giza, thanki yotenthetsera madzi, wa malita 150 wodzaza madzi. Khoma lomwe mayiwo ankaliona ngati chotchinga chabe ndi lomwe linasenza zonsezi.

Nditatsika ndinati, "Mayi, khomali lichoka ndithu, koma osati lero. Injiniya awerengere kaye bimu, mtanda wosenza katundu wolowa m'malo mwake, kenako tikatenge chilolezo kukhonsolo." Nkhope yawo inagwa. "Chilolezo m'nyumba mwanga momwe? Ndikumanga yatsopano ngati?"

Funso limenelo ndalimva kwa anthu ambiri pa zaka zomwe ndagwira ntchitoyi, ndipo sindiwanena olifunsa. Ambiri amaganiza kuti chilolezo chimayendera kukula kwa ntchito kapena kuchuluka kwa ndalama zomwe zilowepo. Sichitero. Mutha kusintha matailosi a nyumba yonse, kupenta zipinda zonse, kugula makabati atsopano, osapondako kuofesi iliyonse. Koma kukulitsa chitseko chimodzi ndi theka la mita kungafune mapulani ndi siginecha ya injiniya. Ine ndikafika pa ntchito ndimadzifunsa kuti, ichi chikalakwika, cholakwikacho chidzaoneka ndi maso, kapena chidzabisala mkati mpaka tsiku lomwe chidzavulaze munthu? Penti woipa aliyense amamuona, ndipo savulaza. Waya woonda wokwiriridwa mu pulasitala, chitsulo chochepa m'kati mwa konkire, paipi ya gasi yolumikizidwa mwachisawawa kuseri kwa kabati, izi palibe amazionanso ntchito ikatha. Zotere ndi zomwe boma limafuna kuona zisanatsekedwe.

Si za dzulo ayi. Malamulo a mfumu Hammurabi ya ku Babylon, cha m'ma 1750 Yesu asanabadwe, ankati nyumba ikagwa n'kupha mwini wake, mmisiri woimanga aphedwe, ndipo khoma likayamba kupendekeka mmisiriyo alilimbitse ndi chuma chake. Moto wa mu 1666 utapsereza nyumba zoposa 13,000 ku London, chaka chotsatira kunatuluka lamulo loti makoma a nyumba zatsopano akhale a njerwa kapena miyala, ndipo linanenanso kunenepa kwake. Malamulo ambiri a zomangamanga analembedwa anthu atavutika kale.

Zomwe mungayambe popanda kufunsa

Kupenta, kumata matailosi, kuyala kapeti, kusintha makabati, kukonza mpopi wodontha, kuika galasi pomwe lasweka, kusintha chitseko mu felemu yomweyo, kuchotsa malata awiri atatu odontha n'kuikapo ena ofanana nawo. Pafupifupi kulikonse zimenezi amazitenga ngati kusamalira nyumba. Buku la malamulo lotchedwa International Residential Code, lomwe madera ambiri a ku United States amatsatira, limatchula mwachindunji kupenta, matailosi, makapeti ndi makabati kuti sizifuna chilolezo. Koma limanenanso kuti kusafuna chilolezo sikukupatsani ufulu wogwira ntchito yophwanya malamulo.

Pano ndichenjezepo chimodzi. Nyumba yakale imatha kukhala ndi asbestos (ulusi wochokera m'miyala womwe kale ankausakaniza m'zipangizo zomangira) m'malata a simenti, m'siling'i kapena m'matailosi apansi, komanso mtovu mu penti wakale. United States inaletsa penti wa mtovu m'nyumba zogona mu 1978, Britain inaletseratu asbestos mu 1999, South Africa mu 2008, koma nyumba zomangidwa zaka zimenezo zisanafike zikadali nazo. Asbestos akakhala chikhalire savuta. Mukamudula, kumuboola kapena kumupala, fumbi lake limalowa m'mapapo n'kudzadwalitsa munthu patapita zaka makumi angapo. M'mayiko ambiri omuchotsa amayenera kukhala ndi chiphaso. Mukakayikira, musadule, muyezetse kaye.

Khoma, chitseko, zenera ndi denga

Apa ndi pomwe pamagona nkhani. Ntchito iliyonse yokhudza chinthu chomwe chasenza nyumba imafuna chilolezo, ndipo kawirikawiri imafunanso injiniya.

Khoma losenza katundu mungalizindikire bwanji? Makoma onse akunja atengeni kuti asenza. M'nyumba yosanja, khoma lomwe pamwamba pake pali khoma lina lasenza. Mukakwera m'siling'i n'kuona matabwa akudutsa mopingasa pamwamba pa khoma, makamaka ngati akuthera ndi kulumikizana pamenepo, khomalo lasenza. Khoma lonenepa, la njerwa ziwiri, lomwe limafika masentimita 23 kapena kuposa, lilikayikireni nthawi zonse. Koma musanyengedwe ndi kuonda. Ndaonapo makoma a njerwa imodzi atasenza denga chifukwa amene anamanga poyamba anawagwiritsa ntchito motero, ngakhale pa pulani panalibe zimenezo. Kugogoda ndi chala n'kumva kulira kwa mphako sikutsimikizira kanthu, chifukwa khoma lamatabwa limalira chimodzimodzi kaya lasenza kaya ayi. Palinso makoma omwe pamwamba sanasenze kalikonse koma amagwira khoma lalitali lakunja kuti mphepo isalikankhe. Mukachotsa limenelo denga silitsika, koma pakatha chaka mumaona mng'alu ukukwera pakona.

Chomwe anthu ambiri amaiwala, ngakhale amisiri anzanga, n'chakuti katundu satha, amangosamuka. Khoma la mamita anayi limagawa kulemera kwake pa maziko a mamita anayi. Mukalichotsa n'kuika bimu, kulemera konseko kumatsikira pa malo awiri okha, kumapeto kwa bimuyo. Funso limakhala lakuti, pansi pa malo awiriwo pali chiyani? Ngati pali kasilabu kopyapyala kopanda maziko, bimu yanu ingakhale yolimba bwanji, nsanamira zake zidzamira pang'onopang'ono. Injiniya amawerenga zonse zitatu: bimu, chomwe bimuyo ikhalepo, ndi nthaka yapansi pake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ine sindichita manyazi kuuza kasitomala kuti masamu amenewa si anga.

Kukulitsa chitseko kapena zenera, kapena kuboola latsopano, ndi nkhani yomweyi koma yaing'ono. Pamwamba pa bowo lililonse pamakhala lintel yosenza njerwa zapamwamba, ndipo imayenera kukhala pa khoma mbali zonse ziwiri ndi masentimita osachepera 15. Mukakulitsa bowo osasintha lintel, ndiye kuti mwaidyera pokhala pake. Chizindikiro chake ndi chitseko chomwe chimayamba kukwekwesa pansi pakatha miyezi ingapo, ndi mng'alu wopendekeka wochokera pakona ya felemu.

Kudenga nako musadule thabwa lililonse pofuna malo a thanki kapena masitepe. Matabwa aja amakhomedwa m'makona atatu mwadala, lina limakoka, lina limakankha, ndipo mukadula limodzi anzake amasenza zomwe sanapangidwire. Kuchotsa chumuni m'chipinda chapansi n'kusiya njerwa zake zapamwamba zili lende ndi ngozi ina yomwe ndakumana nayo kangapo.

Kuwonjezera kulemera kumafunanso chilolezo ngakhale simunagumule kanthu. Konkire wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera makilogalamu pafupifupi 2,400. Silabu yonenepa masentimita 15 pa chipinda cha mamita 4 m'litali ndi 4 m'lifupi imaposa matani 5 ndi theka, musanaikepo njerwa imodzi ya chipinda chapamwamba. Thanki ya malita 1,000 ikadzaza ndi tani yathunthu. Matailosi a konkire a padenga amalemera kuposa malata mwina mpaka kakhumi, choncho denga lomwe linasenza malata bwinobwino likhoza kupindika mukalisinthira matailosi. Ngakhale mapanelo a sola amafuna kuti wina aone ngati matabwa apirira kulemera kwake ndi mphepo yomwe idzawakoke.

Ndikamalankhula zimenezi ndimakumbukira Rana Plaza, nyumba ya nsanjika 8 ya ku Savar, pafupi ndi Dhaka ku Bangladesh, yomwe inagwa pa 24 April 2013 n'kupha anthu 1,134. Nsanjika zapamwamba zinawonjezeredwa popanda chilolezo, ndipo nyumba yomwe inakonzedwera mashopu ndi maofesi inadzazidwa makina osokera ndi majenereta olemera. Ming'alu inaoneka dzulo lake. Ku Seoul, sitolo yaikulu ya Sampoong inagwa mu June 1995 n'kupha anthu 502. Kumeneko anasintha ntchito ya nyumba ili mkati momangidwa, anachotsa zipilala zina kuti padutse masitepe oyenda okha, anawonjezera nsanjika yachisanu, n'kuika makina olemera oziziritsa mpweya padenga. Nyumba yanu ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimenezi, koma zolakwikazo ndi zomwezo zomwe timapemphedwa kuchita tsiku ndi tsiku: chotsani ichi, onjezerani icho pamwamba.

Chipinda chikasintha ntchito

Iyi imadabwitsa ambiri. Galaja yomwe mukufuna kuisandutsa chipinda chogona, sitolo yakuseri yomwe ikhale ya lendi, khonde lomwe mulitseke likhale khitchini: makoma alipo kale, denga lilipo, komabe chilolezo chimafunika. Chifukwa chake n'chakuti malo ogona munthu ali ndi malamulo akeake. Munthu ali m'tulo sanunkhiza utsi msanga, ndipo akadzuka amafuna potulukira pachiwiri ngati pakhomo pali moto. International Residential Code imati zenera lothawira m'chipinda chogona litseguke ndi mpata wosachepera masentimita 61 m'mwamba ndi 51 m'mbali, mpata wonse ufike pafupifupi theka la sikweya mita, ndipo m'munsi mwake musatalikire pansi kuposa masentimita 112. Ngati pazenerapo pali zitsulo zotchinga akuba, zizitseguka kuchokera mkati popanda kiyi. Mayiko ena ali ndi miyezo yawo, koma cholinga n'chimodzi. Oyendera ntchito ochokera kukhonsolo amaonanso mpweya wolowa ndi kutuluka, kuwala, chinyezi chochokera pansi, kutalika kwa siling'i ndi alamu ya utsi.

Mukafuna kugawa nyumba imodzi kuti mukhale mabanja awiri, kapena kutsegula shopu, saluni kapena sukulu ya ana m'chipinda chakumaso, mwalowa m'nkhani inanso ya kagwiritsidwe ntchito ka malo, ndipo imeneyo ili ndi chilolezo chake.

Magetsi, madzi ndi gasi

Kusintha babu, swichi kapena soketi yosweka pamalo pomwepo, madera ambiri salowererapo. Kukoka mzere watsopano kuchokera pa bokosi la magetsi, kusintha bokosilo, kupititsa magetsi ku nyumba yakuseri, kulumikiza sola, inveta kapena jenereta ku mawaya a nyumba, kapena kugwira ntchito m'bafa momwe madzi ndi magetsi zimayandikana, zimenezi zimafuna munthu wa chiphaso ndi satifiketi yosonyeza kuti anayeza. Ku England lamulo la ntchito zamagetsi m'nyumba, lotchedwa Part P, linayamba kugwira ntchito mu 2005. Ku South Africa wogulitsa nyumba amayenera kuonetsa satifiketi ya magetsi. Waya woonda wopatsidwa chitofu kapena giza samazima nthawi yomweyo, amangotentha pang'onopang'ono m'kati mwa khoma kapena m'siling'i, zaka n'kumapita. Jenereta yolumikizidwa popanda swichi yodula mzere wakunja imabweza magetsi ku mapolo, ndipo ingaphe munthu amene akukonza mawaya akuganiza kuti azimitsidwa.

Kumadzi, kusintha mpopi kapena sinki pamalo pake si nkhani. Kusamutsa chimbudzi, kuwonjezera bafa, kulumikiza ku paipi yaikulu ya zonyansa, kukumba dzenje la sepitiki, izi n'zofunika chilolezo. Paipi ya zonyansa imafuna kutsetsereka koyenera, pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse. Ikachepa zinthu zimaima. Pansi pa sinki ndi chimbudzi pamakhala paipi yopindika yosunga timadzi totseka fungo ndi mpweya woipa wa m'ngalande, ndipo popanda paipi yopumira timadzi timeneti timakokedwa n'kuuma. Giza naye musamuone kuphweka. Madzi akatentha amafufuma, ndipo giza wopanda valavu yotulutsa mphamvu yopitirira akhoza kuphulika.

Za gasi sindichulutsa mawu: musagwire nokha. Kupatula kuphulika, chitofu kapena chotenthetsera madzi chosapeza mpweya wokwanira chimatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Panja pa nyumba

Kuwonjezera chipinda, ngakhale kakang'ono, n'kumanga, ndipo kumafuna mapulani. Apa dziwani kuti nthawi zambiri zilolezo zimakhala ziwiri. China chimayankha funso lakuti kodi mukuloledwa kumanga chinthu chimenechi pamalo pano: kutalika kwake, mtunda wochokera kumalire ndi kumsewu, gawo la puloti lomwe lingakutidwe ndi nyumba, mazenera oyang'ana kwa aneba. Chinacho chimayankha funso lakuti kodi mukumanga molimba ndi motetezeka. Kukhala ndi chimodzi sikutanthauza kuti muli ndi chinzake, ndipo mwina maofesi ake ndi osiyana. Onaninso mapepala a puloti yanu. Pansi pa bwalo lanu pakhoza kudutsa paipi ya madzi, ya zonyansa kapena chingwe cha magetsi chomwe eni ake ali ndi ufulu wochikumba, ndipo mukamangapo chipinda adzachigumula tsiku lomwe paipiyo idzaphulike.

Tinthu tating'ono tapanja timakhala ndi malire ake, ndipo malirewo amasiyana kwambiri. International Residential Code imamasula kanyumba kosungiramo katundu kosapitirira masikweya mita 18 ndi theka, mpanda wosapitirira mamita 2.1, ndi khoma lotchinga dothi losapitirira mamita 1.2 poyeza kuchokera pansi pa maziko ake. Ku England mpanda umamasuka mpaka mamita 2, koma ukakhala m'mbali mwa msewu wa galimoto malire ndi mita imodzi. Manambala a kwanu mukawapeze kukhonsolo kwanu, musatengere a dziko lina kapena a mzinda woyandikana nawo. Khoma lotchinga dothi ndilo ndimaliopa kwambiri pa zonsezi. Dothi likamwa madzi a mvula limalemera n'kumakankha, ndipo khoma lopanda mabowo otulutsa madzi limagwa nthawi imodzi, kawirikawiri kugwera kwa aneba akumunsi. Khonde lapamwamba limafuna zotchinga zotalika mokwanira, zokhala ndi mipata yosafika masentimita 10 kuti mutu wa mwana usadutse. Dziwe losambira limafuna mpanda wake.

Boma si lokhalo lofunika kulifunsa. Ngati muli pa lendi, musakhome ngakhale chotchinga cha matabwa popanda kalata ya eni nyumba. M'mafulati, makoma, madenga ndi mapaipi akuluakulu ndi a onse, ndipo bungwe la eni mafulati liyenera kuvomera. Khoma logawana ndi aneba lili ndi malamulo ake: ku England ndi Wales lamulo la 1996 limati muwadziwitse mwa kalata miyezi iwiri musanalikhudze. Nyumba zotetezedwa chifukwa cha mbiri yake n'zovuta koposa, moti ku Britain kusintha nyumba yotere popanda chilolezo ndi mlandu wopita nawo kukhoti, ngakhale zomwe mwasinthazo zili mkati.

Kafunsidwe kake

Safunsa anadya phula, koma kufunsa nako kuli ndi njira yake. Mukangoimba foni n'kunena kuti "ndikufuna kukonza khitchini", adzakuyankhani kuti palibe vuto, chifukwa iwo akuganiza za makabati pomwe inu mukuganiza za khoma. Pitani ku ofesi yoona za zomangamanga mutanyamula nambala ya puloti, mapepala a umwini, mapulani akale ngati alipo, zithunzi, ndi chojambula chapamanja chosonyeza mmene pakuonekera pano ndi mmene mukufuna pakhalire, miyezo italembedwa. Nenani chilichonse: khoma ili lichoka, sinki isamukira uku, pano pabwera soketi zitatu, zenera ili likula. Kenako funsani kuti pa zimenezi n'ziti zikufuna chilolezo, mapulani ajambule ndani, pakufunika injiniya kapena ayi, ndipo adzabwera kudzayendera pa magawo ati. Akakuuzani kuti sipakufunika chilolezo, pemphani kuti akulembereni. Yankho lapakamwa limapita ndi amene analinena akasamutsidwa.

Musagumule, musakumbe, ndipo musagule zipangizo zodula chilolezo chisanatuluke. Pulani imatha kubwezedwa kuti musinthe, ndipo bimu yomwe munagula kale ikhoza kupezeka yaifupi. Chilolezo chimathanso mphamvu. Mu International Residential Code chimafa ngati ntchito sinayambe pa masiku 180, kapena ngati yaima kwa nthawi yomweyo. Onani deti pa chanu. Mukasintha maganizo ntchito ili mkati, mwachitsanzo bowo la mamita awiri mukufuna likhale atatu, bwererani kwa injiniya ndi kuofesi. Chilolezo chimateteza zomwe zili pa pulani yodindidwa basi.

Ndinene za amisiri anzanga. Mmisiri akakuuzani kuti "musavutike ndi zamapepala, palibe adzaone", dziwani kuti iye ntchito ikatha anyamula zida zake n'kumapita, koma mlandu utsala ndi mwini nyumba. Malamulo pafupifupi kulikonse amagwira mwini malo. Wina amakupemphani kuti mukalembetse ngati kuti mukumanga nokha, chifukwa iye alibe chiphaso. Mukavomera, ndiye kuti zolakwika zake zonse mwazisainira inu. Mugwirizane polemba kuti ndani akatenge chilolezo, ndani aziitana oyendera, ndipo gawo lomaliza la malipiro lidikire satifiketi yomaliza.

Kuyendera ndiko mtima wa chilolezo, ndipo kumachitika zinthu zisanabisike. Ngalande ya maziko aione musanathire konkire. Zitsulo za bimu kapena silabu azione zili poyera. Mapaipi a pansi ayezedwe musanakwirire. Mawaya aonedwe musanapake pulasitala kapena kukhoma siling'i. Ndiye pamapeto pa zonse abwerenso. Konkire amafika mphamvu yomwe injiniya anawerengera pakatha masiku 28, choncho zochirikiza musazichotse chifukwa choti pamwamba paoneka pouma, dikirani injiniya anene. Ine pa gawo lililonse ndimajambula zithunzi tepi yoyezera ili pomwepo, kuti kunenepa kwa chitsulo ndi kuya kwa maziko zioneke. Zithunzizo, pulani yodindidwa, masamu a injiniya ndi masatifiketi onse, ikani mu envelopu imodzi pamodzi ndi mapepala a nyumba.

Pakagwa zadzidzidzi, monga paipi kuphulika usiku kapena mtengo kugwera denga, konzani zoteteza moyo ndi katundu nthawi yomweyo. Malamulo ambiri amalola zimenezi, bola mukadziwitse ofesi ikangotsegula. International Residential Code imati pempho lipite tsiku lantchito lotsatira.

Ngati munamanga kale

Ambiri amabwera kwa ine zitachitika. Ena alandira kalata yoimitsa ntchito aneba atadandaula. Ena akugulitsa nyumba, ndipo loya wa wogula kapena banki yapeza kuti pa pulani pali zipinda zitatu pomwe nyumbayo ili ndi zisanu. Ena moto wabuka, ndipo a inshuwalansi akufunsa satifiketi ya mawaya omwe anauyambitsa. Madera ambiri ali ndi njira yovomerezera ntchito yomwe inachitika kale. Mumajambulitsa zomwe zilipo, injiniya amayeza, mumalipira chindapusa. Chowawa n'chakuti oyendera sangasainire chomwe sanaone, ndiye amakuuzani kuti mutsegule. Ndinagumulapo matailosi a bafa omwe anali asanathe miyezi itatu, bambo mwini nyumba ataima pakhomo manja ali m'chiuno, kuti paipi ya pansi ioneke. Inapezeka kuti inatsetserekera kolakwika. Ntchito ikaphwanya malire a puloti kapena ikapezeka yoopsa, akhoza kulamula kuti igwetsedwe. Komabe kupita nokha kukaulula kumapepuka kusiyana n'kudikira kalata. Ngati mukugula nyumba, tengani pulani yovomerezeka muyende nayo chipinda ndi chipinda musanasaine.

Mayi aja anavomera monyinyirika. Injiniya anabwera, anakwera m'siling'i, kenako anatiuza tikumbe pansi pomwe mbali imodzi ya bimu idzakhale. Tinapeza silabu ya masentimita 8 itakhala pa dothi lothira, popanda maziko. Tinakumba dzenje, kuthira konkire wa zitsulo, kumanga chipilala. Chilolezo chitatuluka tinachirikiza matabwa a denga mbali zonse ziwiri, n'kuyamba kuchotsa njerwa kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere, mpaka bimu yachitsulo inalowa.

Woyendera anafika tisanakhome siling'i. Anayeza bimu, anayeza pomwe yakhala, anayerekeza ndi pulani, n'kugwedeza mutu kuvomera. Kenako anaunika tochi cha kwa giza uja n'kufunsa kuti, "Madzi a pa valavu iyi akutulukira kuti?" Ndinayang'ana. Kapaipi kake kanangothera m'mwamba momwemo, pamwamba penipeni pa mawaya a magetsi a kukhitchini, ndipo pansi pa giza panalibe thireyi yolandira madzi odontha. Ndinakwera m'siling'imo kasanu konse, koma maso anga anali pa matabwa. Tinaika thireyi, n'kutulutsa paipi ija kunja kwa khoma pamalo poonekera, kuti ikayamba kudontha mayiwo aziona. Woyenderayo anabweranso Lachinayi n'kusaina, ndipo Lachisanu tinayamba pulasitala.